Pamene Bambo Ankatsokomola

Ndinkalongedza zovala za malemu bambo m'katoni pamene mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe analowa osaodira. Anakhala pansi moyang'anizana ndi mpando wa bambo, n'kupanira ng'oma pakati pa miyendo.

Mayi ake anafika ali wefuwefu. "Pepani achemwali. Tamuuza kuti agogo anatisiya, koma mwanayu ali ndi otizimu, vuto lobadwa nalo la mu ubongo. Nthawi yake yoimba ndi agogo ikakwana, palibe angamugwire."

"Musiyeni," ndinatero.

Bambo anali woimba wotchuka mpaka wailesi inawaiwala, anzawo n'kuwaiwalanso. Anangotsala ndi mwana ameneyu, wosalankhula, wosayang'ana munthu m'maso.

Mnyamata uja anayamba kuimba ng'oma. Inali nyimbo ya bambo, imene ndinakula nayo. Atafika pakati anaima, manja ali m'mwamba, n'kudikira. Anayambiranso, n'kuimanso pomwepo. Kenako anayamba kudzigwedeza uku akubuula chapansipansi.

"Pamenepo mdala ankatsokomola," ananong'ona mayi ake. "Mpweya unkawathera pa mawu okwera aja. Iyeyu amayesa kutsokomolako ndi mbali ya nyimbo."

Chifuwa chimenecho n'chimene chinanditengera bambo. Sindinkafuna kuchimvanso moyo wanga wonse.

Ndinakhala pampando wawo, malaya awo ali m'manja, ndipo ndinatsokomola.

Manja a mnyamata anatsikira pang'oma. Anamaliza nyimbo yonse, n'kunyamuka ulendo wa kwawo.

Pakhomo mayi ake anacheuka. "Mawa mudzakhalapo, achemwali?"

Ndinayang'ana makiyi patebulo. Nyumbayi inali ya lendi, ndipo eni nyumba ankawafuna mawa m'mawa.