Mkuwa Wokhawokha

Bandi inali pakati pa nyimbo pamene Amayi Elube analowa pageti. Abambo Yesaya atangowaona, anakweza ndodo yawo mpaka inatsala pang'ono kuboola malata a galaja, ndipo oimba anafufumitsa masaya ngati akulandira mtsogoleri wa dziko. Agalu a m'Mabopane monse anayankha.

Abambo Yesaya sanali munthu wamba, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Anafika ku Joni atakwera pamwamba pa katundu wa lole. Lero anali ndi malo awoawo owotcherera zitsulo ku Pretoria West, kuphatikizapo bandi iyi, imene anaisonkhanitsa lipenga limodzilimodzi. Anaimbapo ku Bulawayo, ku Beira, ngakhale ku Maseru kozizira kuja, ndipo aliyense wokhala nawo mpando umodzi mu teksi ankatsika akuidziwa mbiri yonseyi. Chinkasowa chinali chimodzi. Chimwalirireni akazi awo, malaya ankasita okha, tiyi ankamwa okha.

Ndiye taonani mwayi. Amayi Elube, mayi wamasiye wa mano oyera, wogwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, anayamba kubwera Lamulungu lililonse masana kudzamvera bandi ikuphunzira. Ankakhala pa kireti pafupi ndi mpanda, manja pamiyendo, akumwetulira. Abambo Yesaya anali atayenda mokwanira kuti adziwe za akazi. Mkazi sawononga tsiku lake lopuma kudzamvera amuna akuphonya nyimbo. Amabwera kudzaona wogwira ndodo. Choncho anagula mafuta onunkhira, nadetsa imvi za m'mbali.

Tsiku limeneli Amayi Elube sanapite ku kireti. Anafika kwa Abambo Yesaya, nawerama pang'ono, nanena kuti kunyumba kwawo kuli ukwati Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo akufuna bandi. Koma ikhale bandi ya mkuwa yeniyeni, yachikale, yopanda zosakaniza. Anapempha kuti awalongosolere, poti iwo sadziwa, kuti m'bandi yotero mumakhala zida ziti.

Funso lokoma chotero Abambo Yesaya anali asanafunsidwepo. Anakonza kolala, nayamba kuyenda pamzere akuloza ndi ndodo. Awa ndi makoneti, amene amanyamula nyimbo. Awa ndi mathiromboni, okoka ndi kubweza. Iyi ndi yufoniyamu, ya mawu onona. Ichi ndi chituba, chimene Kagiso, mnzawo wa komweko ku Mabopane, ankachikumbatira ngati mwana wa ng'ombe. Ng'oma ndi mbale zowombanitsa zimaloledwa chifukwa miyendo imafuna wouza poponda. Gitala ayi. Kiyibodi ayi, imeneyo ipite kwa a magetsi.

"Lamulo lake ndi limodzi, Amayi," anatero motsitsa mawu. "Milomo ya munthu inthunthumire, mkuwa uyankhe. Zina zonse ndi alendo."

"Nanga icho chopindikacho?" anafunsa Amayi Elube.

Ankaloza Yobu, amene anaima kumapeto kwa mzere ndi sakisofoni yake. Yobu anali wa ku Mulanje, wogwira ntchito m'fakitale ya magalimoto ku Rosslyn, bambo wofatsa amene sankatha kumaliza chiganizo pamaso pa Abambo Yesaya. Kunena zoona, m'bandimo munalibe amene ankamaliza. Lamulo linali lakuti Loweruka, tsiku loimba pagulu, palibe wojomba. Kagiso analiza chituba tsiku limene mkazi wake anali kuchipatala kukachira. Wina akangoyamba kuti "Abambo, Loweruka likubwerali ine," ndodo inkakwera, nkhani n'kuthera pomwepo.

Abambo Yesaya ankadziwa bwino lomwe kuti sakisofoni ndi yamkuwa kunja kokha. Pakamwa pake pali kabango, ndipo cholira ndi kabangoko, osati milomo. Koma ankadziwanso kuti makoneti akasochera, Yobu ndiye ankaibweza nyimbo panjira. Popanda iye bandi inkamveka ngati ma teksi akulimbirana okwera pa renki. Kumuchotsa kunali kuika dzina la bandi pamoto, pamaso pa khamu la paukwati.

Anayang'ana sakisofoni. Anayang'ana maso a Amayi Elube, amene ankadikira yankho ngati moyo wawo wonse uli pamenepo. Mwamuna amene anaimbapo ku Beira sakanabweza mawu ake pamaso pa maso oterowo.

"Mwaona bwino, Amayi. Chimenecho ndi mlendo." Anatembenukira kwa Yobu. "Achimwene, tsiku la ukwati umenewu musavale yunifolomu. Chitoliro chanucho chigone kunyumba. Sindikufuna kukuonani pamzere."

"Mukunenetsa, Abambo?" anafunsa Yobu mwakachetechete. "Simudzandiitana?"

Abambo Yesaya anati ngakhale makoneti onse atadwala chimfine, iwo sadzamuitana, ndipo onse amene ali pano ndi mboni.

"Eish," anatero Kagiso, nabisa nkhope kuseri kwa chituba. Ena onse anaweramitsa mitu, mapewa akugwedezeka. Abambo Yesaya anawamvera chisoni anyamata awo, koma utsogoleri ndi wotero, umafuna mtima wachitsulo. Yobu anapukuta sakisofoni yake, naiika m'bokosi, natseka bwinobwino.

Tsopano njira inali yoyera. Abambo Yesaya anapachika ndodo m'khwapa, nasendera pafupi ndi Amayi Elube kuti fungo la mafuta aja ligwire ntchito yake. Anali atakonza kale mawu opempha kuwaperekeza ku renki, mwinanso kudutsira pogulitsa nyama yowotcha. Asanatsegule pakamwa, Amayi Elube anawomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo kwambiri, Abambo, Mulungu akudalitseni. Ndimada nkhawa kuti ndidzaima ndekha kuguwa, mkwati ali pamsewu akuguba." Anamulandira Yobu bokosi lija. "Tiyeni a Yobu, atelala atseka musanayese suti."