Laputopu Yatentha

"Ndani wazimitsa laputopu yanga?" anafunsa Rhoda.

Dzulo lake anapalasa njinga mpaka ku Songani kusaka netiweki yotsitsira khodi yaulere ya pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa inzake. Chiyambire m'mawa laputopuyo inali ikumanga pulogalamuyo, yoti mawa akaonetse ofuna kumulemba ntchito ku Zomba. Tsopano dzuwa linali litapendeka, batire ya sola ili pafupi kutha.

"Ndine," anayankha malume ake, a Jafeti, oyendetsa chigayo cha mpunga kwa Mwambo. "Imalira, yatentha ngati mbaula. Makina akatero timawapumitsa."

"Malume, inatsala pang'ono kumaliza. Ndiyambirenso ndi moto uti?"

"Uli ndi mwayi, mphwanga. Madzi oziziritsira ndinatunga kale, koma pothirira ndi pomwe sindinapaone."