Kachipewa Kofiira

"Sushi ni nsomba yaiwisi? Ine sininadyeko," anatero Ezron, akulimbana ndi timitengo todyera. Mkazi wake Tisauke anaseka. Pa zaka zonse za ukwati wawo wopanda mwana, aka kanali koyamba Ezron kumutulutsa ku Palabana kudzadya za Chijapani.

Woperekera zakudya anafika ndi mbale ziwiri za ramen, chakudya chonga supageti, supu ikufuka nthunzi.

"Ba Ezron, mwabweranso! Amake mwana wanu anaiwala aka pa Sondo." Anaika kachipewa kofiira patebulo.

Ezron anatsamwa, timitengo tinagwa pansi. Tisauke anatola kachipewako, nakayang'ana kuno ndi kuno. Kachipewako anachita kuluka yekha, mwamuna wake atamupempha mphatso yoti akapatse mnzake wa kuntchito amene mkazi wake anali atangochira.