Liwu Limodzi Limene a Mabvuto Anabisa

Kompyuta inamukananso Ireen ndi zilembo zofiira: analibe chilolezo. Pa seva, kompyuta yaikulu imene onse a mu ofesi ya kafukufuku ku Limbe ankagwirirapo ntchito, woika mapulogalamu anali mmodzi yekha, a Mabvuto. Ireen ankangofuna kapulogalamu kojambulira mapu a kolera ku Chirimba, ndipo anali atapempha kwa masabata atatu.

Yankho la a Mabvuto silinkasintha: "Tikakambirane pa lanchi, awiriwiri." M'mawa womwewo, bwana anali atamukalipira Ireen pagulu kuti ndi waulesi.

Jayshree wa desiki yoyandikana, amene anali atangobwera kuchokera kutchuthi, anasuzumira pa kompyuta ya Ireen.

"Bwanji osangoika mu foda yanu? Onjezani --user kumapeto kwa lamulo limene mwalemba pa kompyutalo. Sipafunika pasiwedi ya munthu."

Ireen analemba. Mizere inathamanga, ndipo mphindi isanathe kapulogalamu kanali katalowa. M'malo mosangalala, anatembenukira kwa Jayshree.

"A Mabvuto amazidziwa zimenezi?"

"Eetu. Anandionetsa okha tsiku limene ndinayamba ntchito."

Ireen ananyamuka mwaukali, mpando mpaka kugwa. Anafufuta ndandanda ya misonkhano pa bolodi n'kulembapo lamulo lonse, zilembo zikuluzikulu ngati chikhatho.

A Mabvuto anatulukira pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayi, fufutani zimenezo msanga."

"Bwerani mufufute nokha," anatero Ireen, osacheuka.

Kumbuyo kwake, Ella ndi Ulemu, akazi anzake a mu ofesimo amene nawonso ankauzidwa za lanchi, anali ataimirira kale, akujambula bolodiyo pa mafoni awo.