Foni ya 10 Koloko

Foni inawala pa desiki 10 koloko yeniyeni. Wotchi sanaigwire. Anangoona kuti akuyimba ndi amayi ake, n'kubwezera maso pa kompyuta.

Dzina loti Wotchi anamupatsa ndi anzake a mu ofesi. Ntchito yake inali yolemba mapulogalamu a pakompyuta, ndipo tsiku lake linali loduladula: mphindi 50 kulemba, mphindi 10 kumwa madzi ndi kuwongola msana. Abwana anali atamupatsa masabata atatu kuti amalize pulogalamu yosungira katundu ya kampani ina. Ntchito yapitayo anachedwa nayo mwezi wathunthu, ndipo abwanawo anamuuza pamaso pa anzake kuti akachedwanso, pampando pakepo pakhala wina.

Choncho anadzipangira kapulogalamu pafoni. Aliyense woyimba nthawi ya ntchito ankayankhidwa ndi mawu ake ojambuliratu. Amayi ake anawajambulira awoawo: "Amayi, ndili pa ntchito. Ndikamaliza ndikuyimbirani, musadandaule." Koma akaweruka ankakhala atatheratu, moti ankagona ndi nsapato zomwe. Kuyimbako kunkangokhala kwa mawa.

Amayiwo sankaphonya. Tsiku lililonse 10 koloko foni inkawala, ndipo pakapita mphindi ziwiri uthenga unkalowa: "Gwira ntchito mwanangu. Kuno tili bwino." Iye ankamwetulira. Ndi angati ali ndi mayi womvetsa chonchi?

Ntchito inkayenda ngati madzi. Sabata yachiwiri, ali pa mphindi zake zopuma, anakumbukira kuti kapulogalamu kaja kamasunganso zomwe woyimba wanena. Anavala mahedifoni n'kutsegula za Lolemba. Munalibe mawu. Munali kupuma kokhakokha, kokoka, ngati kwa munthu amene wakwera chitunda. Za Lachiwiri chimodzimodzi. Za Lachitatu chimodzimodzi, koma chakumapeto kunamveka ngati milomo ikufuna kutchula kanthu.

Anapatsako mnzake wa desiki yoyandikana, mayi woyesa mapulogalamu, kuti amvetsere.

"Ndi netiweki imeneyo, aise," mayiyo anatero akuseka. "Kapena amayi ako sadziwa podulira foni. Anga amandisiya m'thumba ola lonse, ndikumva akukangana ndi ogulitsa makala."

Wotchi anaseka nawo. Anatenga foni kuti ayimbe, koma belu la pa kompyuta linalira kuti mphindi 10 zatha. Anaibwezera pansi.

Kuyambira tsiku limenelo kupuma kuja sikunamusiye. Ankakumva m'mahedifoni ngakhale atazimitsa nyimbo. Ankakumva m'fani ya kompyuta. Masana ena anatembenuka mwadzidzidzi, poganiza kuti wina waima kumbuyo kwake akumuwerengera mizere yomwe ankalemba. Kunalibe munthu, mpando wokha wopanda mwini ndi katani yogwedezeka. Anadziuza kuti n'kutopa chabe, ndipo pakapepala ka zochita analembapo: "Lachisanu lomaliza ntchito, 3 koloko: kuyimbira amayi."

Lachisanu lomalizalo foni sinawale 10 koloko. Anayang'ana kawiri, katatu. Kenako mtima unakhala pansi: ndiye kuti amayi awerenga masiku, akudziwa kuti lero ndi lero. M'mahedifoni munali zii kwa nthawi yoyamba. Analemba mosadukiza, osapuma ngakhale mphindi zake 10 zija.

Itangokwana 2 koloko, pulogalamu inayenda yonse popanda chokhumudwitsa. Mayi woyesa uja anakweza chala chachikulu. Abwana anatuluka mu ofesi yawo n'kudzamugwira paphewa.

"Wamaliza ola limodzi nthawi isanakwane. Ndiwedi Wotchi."

Iye sanadikirenso 3 koloko. Anazimitsa kapulogalamu kaja, n'kuyimba ali pomwepo pa desiki. Foni inaitana nthawi yaitali. Anayankha ndi achemwali ake aakulu, omwe ankakhala ndi amayiwo.

"Wamaliza?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndamaliza, achemwali! Apatseni amayi, ndiwauze ndekha."

Achemwaliwo anayankha mwapang'onopang'ono:

"Amayi anagwa m'bafa tsiku lomwe unayamba ntchito yakoyo. Lilime lisanaume anandilumbiritsa kuti ndisakuuze mpaka umalize. Mauthenga aja ndinkalemba ndine. Foni ndinkangowaikira kukhutu kuti amveko mawu ako. Lero 10 koloko sanaifikire."