Juzi ya Bambo Kondanani

"Kamfuti aka sikangawombe," anatero kapitawo wa alonda a pakampani ina ku Kewdale, akuchotsamo tiulusi tofiira ndi kaburashi. "Tiulusiti tikuchokera mu juzi yanuyi, Bambo Kondanani. Muzisiya juziyo kunyumba, apo ayi bwezani mfuti."

Bambo Kondanani, amene kwa zaka khumi ankayenda monyang'wa ndi kamfutiko m'chiuno osawombapo ngakhale khwangwala, anatsata ndi maso tiulusito tikuyandama padzuwa. M'maganizo anaona malemu akazi awo, a Martha, ali pakhonde la nyumba yawo ku Joondalup, akuluka juziyo uku akuseka: "Inu a Jenerali, chisanu sichiopa mfuti."

"Ndiye titani, bambo?" anafunsa kapitawoyo.

Bambo Kondanani anamasula lamba wa mfutiyo pang'onopang'ono, n'kumuika patebulo.

"Ndibwezereni kugeti, bwana. Ndizikatsegulira malole."