Mankhwala Osafuna Basela

"Onjezani, anamwino," ndinatero. "Mtima wa mwanayu ukuthamanga chonchi, inu n'kumupatsa kadontho? Ikani basela."

Namwino sanaseke. Ananyowetsa chala n'kutola kanjere kamodzi ka shuga pambali pa kapu yanga ya tiyi.

"Mayi, kilo mumaidziwa?"

"Ndimagulitsa mpunga ine. Za sikelo musandiphunzitse."

"Chabwino. Kiloyo muigawe magawo sauzande, gawo limodzi ndi galamu. Galamuyo muigawenso sauzande, ndiye miligalamu, pafupifupi kashuga aka. Tsono kashugaka mukaphwanyenso magawo sauzande. Imeneyo ndi maikulogalamu. Mankhwalawa timayeza ndi imeneyo. Ndikapyoletsa, mtima utha kuima."

Ndinasuzumira pachala chake mpaka maso kuwawa. Kashugako ndinkachita kukafunafuna. Ndiye kuti m'kati mwake muli tina sauzande, tili ndi dzina, ndipo munthu wina anakhala pansi n'kutiwerenga?



Namwino anatsegula kakamwa ka mwana wanga. Kadontho kanalendewera kunsonga kwa sirinji, kakunjenjemera.

Ndinagwira mpweya, kuopa kuti ndikapuma ndiwonjezera kulemera.